Akutibweretsera katswiri wa makompyuta kunyumba ya agogo, timufunse chani?

NaPhiri wa ku Ulongwe:

Moni nonse muno, ndikhulupilira mwaswera bwino. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata ino nde ndati ndiitule pano poti muno muli odziwa makompyuta komanso ena a zachipatala.

Ndimathandiza kuyendetsa kanyumba kosamalira okalamba kuno ku Angonia, ndi kampingo, sikakakulu ayi. Agogo ogonera pompo alipo 23, kenako pali ena opitilira 140 omwe timawayendera m'midzi cha ku Domue uko, kukawasiyira ufa, sopo, mabulangete nthawi yozizira ndi kuwaperekeza kuchipatala akadwala. Olipidwa tilipo asanu ndi awiri kuphatikiza mlonda ndi amayi ophika, enawo ndi odzipereka oyenda pa njinga.

Tsono anzathu akunja omwe amatithandiza ndalama akuti asanatipatse za chaka chamawa tikhale kaye ndi chomwe akuchitcha estratégia de tecnologia ndi china akuti arquitectura empresarial, ndipo alipira kale konsultori wa ku Maputo kuti adzakhale nafe masiku khumi mwezi wamawa. Kalata yawoyo ndaiwerenga kanayi koma mutu sukugwira. Ine arquitectura ndimadziwa ya nyumba, kujambula pulani ya zipinda, nanga ifeyo tikumanga chani apa?

Mmene tikuchitira pano ndi chonchi, tili ndi mabuku anayi, la mayina, la sitolo ya chakudya, la mankhwala ndi la ndalama, kuonjezera laputopu imodzi yokhala ndi Excel yomwe ndimaigwira ine ndekha, ndi gulu la WhatsApp la odzipereka aja. Mwezi ukatha ndimakhala masiku atatu kufananiza mabukuwo kuti lipoti lituluke ndipo manambala sagwirizana, buku la mayina likuti 141, la sitolo likuti tagawira 152, nde ndimayamba kuimbira anthu mafoni mmodzimmodzi. Mantha anga ndi akuti zaka zapitazo kunabweranso mnyamata wina anatiikira pulogalamu mu kompyuta, yokongola bwino, atapita senya, mawu achinsinsi otsegulira pulogalamuyo, inasowa, foni yake inasiya kulowa, zonse zomwe tinalemba miyezi isanu ndi itatu zinatsekeredwa mommo mpaka lero. Sindikufuna kuponda pomwe ndinaterereka kale. Ndiye abale, bambo akubwerawa tiwafunse chani, ndipo akamanyamuka atisiyire chani m'manja kuti tidziwe kuti ndalama sizinapite m'madzi?

Wa Makabo ku Matundo:

Amayi NaPhiri musachite mantha ndi mawuwo, ndi akuluakulu pakamwa chabe. Ine ndakhala ndikugwira za makompyuta ndi makampani ena ku Moatize ndi kuno ku Tete, ma konsultori otere ndaperekezapo angapo, ena abwino ena ongodzadya ma perdiyemu.

Mwanena za pulani ya nyumba, mwalasa pomwepo osadziwa. Munthu sagula malata ndi zitseko asanadziwe kuti nyumba ikhala ya zipinda zingati. Ntchito ya bamboyo ndi kujambula bungwe lanu papepala, ndipo a ntchito imeneyi amaligawa panayi, ambiri amatsata buku lina lotchedwa TOGAF la bungwe la The Open Group, mukamva akulitchula musanjenjemere. Poyamba ntchito zenizenizo, kulandira gogo watsopano, kugawa ufa, kupereka mankhwala, kulemba maliro, ndani amachita chani ndipo amauza ndani. Chachiwiri uthenga womwe mumasunga, mayina, zaka, matenda, matumba a chimanga, ndalama, uli kuti ndipo woona wake ndi uti mabuku akatsutsana. Chachitatu mapulogalamu. Chomaliza zipangizo, mafoni, laputopu, magetsi, redi ya foni, netiweki. Dongosolo lake ndi lomwelo, zipangizo zimabwera kumapeto. Ndiye mukaona tsiku loyamba lomwe munthu watsegula kale laputopu akukuonetsani pulogalamu yoti mugule asanaone ndi khitchini yomwe, dziwani kuti mwalandira wamalonda osati mlangizi, ndipo mufunseni poyera pamaso pa komiti ngati amadya nawo kanthu kukampani yogulitsa pulogalamuyo.

Mwa masiku khumiwo, anayi kapena asanu asakhale mu ofesi ayi. Akwere njinga yamoto apite ku Domue ndi odzipereka anuwo akaone yekha pomwe redi imathera, agone usiku umodzi panyumbapo aone zomwe zimachitika gogo akadwala 2 koloko usiku, aime pa sitolo tsiku logawa. Kusiyana kwa 141 ndi 152 kuja kompyuta sikungakuchotse. Mwina pali agogo anamwalira koma mdzukulu akulandirabe, mwina pali olowa atsopano omwe wa sitolo akuwadziwa koma buku la mayina silinamve, mwina munthu mmodzi analembedwa kawiri. Mukazilowetsa mu sisitema osakonza, zidzangotuluka zolakwika zomwezo koma mwachangu komanso zosindikizidwa bwino kkkk.

Zoti akusiyireni, ine ndikanaumirira izi zilembedwe mu kontratu asanafike. Chithunzi cha mmene zilili lero, tsamba limodzi kapena awiri, choti amayi ophika atha kuyang'ana nkunena kuti eya ndi mmene timachitira kapena ayi apa mwanama. Chithunzi cha komwe mukufuna kukafika zaka zitatu zikubwerazi. Kenako njira yake pang'onopang'ono, miyezi itatu yoyamba tichita ichi, chaka choyamba ichi, ndipo pa sitepe iliyonse alembe mtengo. Apa nde ndikufuna mumvetsetse, mtengo si wogulira wokha. Alembe ndalama ya chaka chilichonse, ma mega, laisensi, mabatire, foni ikagwa m'madzi, wokonza akamachokera ku Tete ya minibasi yake, shapa ija, kudzera pa Mussacama ndi pogona pake. Othandiza ambiri amakonda kugula zinthu zooneka zoti ajambule chithunzi, ndalama ya ma mega a chaka chachitatu mudzaisaka nokha.

Ndipo za mnyamata anakutsekerani zinthu uja, lamulo likhale ili: akaunti iliyonse itsegulidwe pa imelo ya bungwe osati ya konsultori, osatinso yanu amayi, pepani, senya yaikulu ilembedwe papepala iikidwe mu envulopu yomata, ina kwa wapampando wa komiti ina kwa abusa kapena ansembe. Pulogalamu iliyonse yomwe angatchule mumuuze akuonetseni pomwepo mmene mungatulutsire zonse mu Excel. Ikakanika kutulutsa ikaneni olo ikhale yaulere.

Malume a pa Zobue:

Ine ndingofunsa mwaumbuli wanga, ndalama ya masiku khumi a bwana wa ku Maputoyo, ndege yake, galimoto, hotela, ingagule mabulangete angati? Angonia mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka mafupa, gogo safunda arquitectura. Anthu awa amakonda mawu achizungu kuti ndalama zibwerere kwa anzawo. Buku ndi bolopeni sizinathimepo magetsi chiyambire.

NaPhiri wa ku Ulongwe:

Malume mwandiseketsa koma nanenso ndinafunsa zomwezo. Anandiyankha kuti ndalama imeneyo ili pa mzere wakewake, tikakana siisanduka mabulangete, imangobwerera. Nde poti wabwera kale mlendoyo bola timukame mkaka wonse.

Nesi Wopuma wa ku Tsangano:

Mwana wanga NaPhiri, ine makompyuta sindiwadziwa kwenikweni, foni ino amandikonzera ndi mdzukulu, koma zaka zomwe ndakhala m'chipatala ndaona mapepala ndi masisitema akubwera ndi kupita nde ndilankhuleko mbali ya mankhwala.

Chinthu choyamba chomwe chimapha ntchito ndi kulemba kawiri. Akakupatsani tabuleti koma buku osalichotsa, wosamalira agogo uja amalemba m'buku masana kenako madzulo atatopa nkumakopera mu tabuleti, pakatha miyezi iwiri amasiya chimodzi ndipo simudziwa kuti wasiya chiti. Ndiye pa chinthu chilichonse chatsopano chomwe bamboyo anganene, mufunseni kuti nanga tikuchotsa chani. Akapanda kuyankha ndiye kuti wakuonjezerani katundu.

Chachiwiri, pepala la mankhwala a tsiku ndi tsiku lisachoke pakhoma kapena pambali pa bedi. Agogo ambiri ali pa mankhwala a BP, ena shuga, ena a khunyu, ena ma ARV, ndipo wogwira usiku ayenera kuona ndi maso kuti wammawa anapereka kapena sanapereke, pa tochi pomwe, osati kudikira foni itchajidwe. Gogo woiwalaiwala adzakuuzani kuti sanamwe pomwe wamwa, mukamupatsa kawiri mankhwala a BP kapena a shuga mutha kumugwetsa. Fisha ya pepala yokhala ndi mabokosi ochonga, dzina la mankhwala, mlingo, nthawi ndi siginecha ya wopereka, imeneyo ndi moyo wa munthu. Chomwe kompyuta ingakuthandizeni ndi kusindikiza fisha yatsopano mwezi uliwonse yolembedwa zooneka bwino, kukukumbutsani kuti agogo akutiakuti tsiku lawo lokatenga mankhwala layandikira, ndi kukuuzani zomwe zatsala pang'ono kutha kapena kupitilira tsiku mu kabati. Zitatu zimenezo zokha zikatheka ine ndivina.

China, asakunamizeni kuti sisitema yanu idzalumikizana ndi ya chipatala cha boma ngati kulumikiza waya. Unduna wa zaumoyo uli ndi yake yotchedwa SIS-MA, yomangidwa pa pulogalamu ya DHIS2 ya ku yunivesite ya Oslo, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kusonkhanitsa ziwerengero za zipatala mwezi ndi mwezi, si yoti kanyumba kampingo kazilowamo kuona fayilo ya gogo. Chomwe chimalumikiza inu ndi sentulu ya zaumoyo ndi kartau ka wodwala kaja ndi munthu womuperekeza. Nde m'kaundula wanu mukhale malo olemba nambala ya pa kartauko, chipatala chomwe amapitako, ndi tsamba limodzi lachidule loti mutha kusindikiza gogo akamathamangira naye ku chipatala chachikulu cha Ulongwe, matenda ake, mankhwala omwe akumwa, omwe amamuwenga, ndi foni ya wachibale. Ndalandirapo okalamba ambiri usiku operekezedwa ndi munthu yemwe sakudziwa olo dzina la piritsi limodzi, amangoti timapilitsi toyera tating'ono, mayo ine, toyera tating'ono tilipo mitundu ingati.

Za mafoni m'midzi sizachilendo ayi, ma APE, ogwira ntchito zaumoyo a kumudzi aja, m'zigawo zina anapatsidwa pulogalamu ya upSCALE pafoni, nde anthu akumudzi amatha akaphunzitsidwa bwino ndi kuyenderedwa. Kuyenderako ndiye nkhani, maphunziro a masiku awiri ndi fanta sakwanira. Komanso mafunso a pafoniyo alembedwe m'Chichewa, odzipereka anu ena Chipwitikizi amachimva mwapatalipatali, ndipo zilembo zikhale zikuluzikulu chifukwa enawo ndi a msinkhu wanga.

Mphwanu wa Zachitukuko ku Furancungo:

Amayi, zomwe anena achimwene a ku Matundo ndi amayi anesi ndikugwirizana nazo, ine ndionjezere pomwe pamavuta kwambiri kwathu kuno ndipo munthu wochokera ku Maputo sangapaganize msanga: kudziwa kuti gogo uyu ndi ndani.

Mapulogalamu ambiri opangidwa kunja amafuna dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya BI, chiphaso cha unzika chija, ukapanda kulemba sakulola kupita patsogolo. Tsono taganizani agogo athu. Ambiri anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mwanza, anabwerera mtendere utasainidwa mu 1992, mapepala ena anapsa ena sanakhalepo nawo nkomwe. Wina ali ndi kartau kovotera kokha, wina sedula, chiphaso cha kubadwa, yong'ambika, wina kalata ya ubatizo ya ku Lifidzi, wina alibe kalikonse koma nyakwawa ndi mudzi wonse akumudziwa. Chaka chobadwa akuuzani kuti ndinali kamtsikana nthawi ya njala ija. Dzina lomwelo pepala lina alemba Nkhoma, lina Ncoma mwa Chipwitikizi, lina dzina la mwamuna wake, pomwe m'mudzi amangoitanidwa ndi la kumtundu, ndipo ma NaBanda m'mudzi umodzi atha kukhala asanu. Ndikukayikira kuti ena mwa 11 osiyana aja ali pamenepa.

Ndiye chinthu choyamba chomwe ndingapemphe konsultoriyo, tisanakambe za pulogalamu, ndi nambala ya bungwe lanu kwa gogo aliyense, imodzi, yosasintha mpaka imfa ndipo yosapatsidwanso wina akamwalira. Ilembedwe pa kakhadi kopaka pulasitiki, ndipo mabuku onse anayi azigwiritsa nambala yomweyo. Pambali pake mulembe mayina onse omwe amadziwika nawo, mudzi, mfumu, chaka choyerekeza ndi chizindikiro choti nchoyerekeza, ndi chiphaso chilichonse chomwe ali nacho. Izi mutha kuyamba Lolemba lomwe lino ndi bolopeni ya Malume aja. Zidindo za zala asakunyengereni nazo, zala za munthu yemwe wagwira khasu zaka 60 mizere inafufutika, makina amakana, gogo nkumabwerera kasanu.

Kenako nkhani ya boma. Lamulo loteteza okalamba ndi Lei 3/2014, ndipo limati wokalamba ndi wa zaka 60 kupita mtsogolo. Thandizo la ndalama la okalamba osauka limadzera ku INAS, bungwe la boma lothandiza ovutika, mu pulogalamu ya PSSB, mlingo womwe anakhazikitsa mu 2018 unali 540 metikali pamwezi kwa wokhala yekha, kumakwera mpaka 1000 kwa banja la anthu asanu kapena kuposa. Iwo ali ndi sisitema yawoyawo ya e-INAS. Inu simulowamo, koma kaundula wanu azitha kuyankha msanga kuti mwa agogo athu ndi angati ali pa PSSB, angati akuyenera koma sanalembedwe, angati alibe BI. Mndandanda woterewu mukapita nawo ku ofesi ya zaumoyo ndi chisamaliro cha anthu ya distritu amakumverani mosiyana ndi kungopita ndi pakamwa.

Mwina bamboyo adzanenanso zotumiza thandizo pa M-Pesa kapena e-Mola mmalo monyamula ufa pa njinga. Kulipira odzipereka ndi ogulitsa chimanga mwanjira imeneyo ndi bwino kwabasi, pamatsala umboni. Koma kwa agogo ganizani kawiri. Foni nthawi zambiri ndi ya mdzukulu, PIN amaidziwa ndi mdzukulu, wothandizira kutapa ndalama ali pa msika kutali, gogo amangomva kuti sizinalowe. Ufa ukafika pakhomo anansi amaona.

Chomaliza ndipo ichi chimandiwawa. Mukudziwa nonse kuti okalamba ambiri omwe amathera m'nyumba ngati yanuyo anathamangitsidwa ndi abale powanamizira ufiti, makamaka amayi amasiye komanso omwe mutu wayamba kusokonekera ndi ukalamba. Nkhani zoterezi zikalembedwa mufayilo, kuphatikiza matenda awo, kenako nkumayenda pa gulu la WhatsApp la anthu 20 omwe mafoni awo amabwerekedwa ndi ana, mwamuika gogoyo pa ngozi ndi manja anu. Malamulo aakulu a dziko lino, ndime 71, amaletsa kugwiritsa makompyuta polemba ndi kusanthula za munthu wodziwika dzina zokhudza chipembedzo chake, chipani chake kapena moyo wake wamseri, nde inu a mpingo samalani ndi kabokosi kaja kofunsa kuti amapemphera kuti, mufunseni bamboyo ngati nkofunikadi. Alembe momveka kuti ndani aziona chani. Wa sitolo aone nambala, dzina ndi mlingo wa ufa basi. Za matenda aone nesi ndi wosamalira. Othandiza akunja alandire ziwerengero osati mayina, ndipo zithunzi za agogo zisamapite pa Facebook popanda iwo eni kuvomera atamvetsa.

Malume a pa Zobue:

Apa pokha ndavomera, za nambala imodzizo ndi za WhatsApp. Mlamu wanga anajambulidwa atagona pa mphasa akudwala, chithunzi tinakachipeza pa kalendala. Koma taonani kuti zonse zanzeru zomwe zanenedwa muno palibe yofuna ndege yochokera ku Maputo.

Wa Makabo ku Matundo:

Malume mukunena zoona pang'ono, koma chikomekome cha nzeru za pagulu ngati lino nchakuti mawa aliyense ali ku ntchito zake. Pamafunika munthu woti akhale pansi azilembe mwadongosolo, aike mitengo, asaine, kuti othandizawo atulutse ndalama ndipo komiti ikasintha otsatira apeze pepala. Ntchito yake ndi imeneyo.

Ndibwerere ku zipangizo poti sindinazikhudze. Amayi, adzakufunsani kapena adzasankha yekha pakati pa kusunga zinthu pa intaneti, zomwe amati cloud, ndi kusunga pa kompyuta ya panyumbapo. Ine maganizo anga, ndipo anzanga ena a ntchito ino anganditsutse, kabungwe ka anthu asanu ndi awiri kasagule seva, kompyuta yapadera yosungira zonse panyumbapo. Seva imafuna magetsi osadukiza, chipinda chozizira ndi munthu woidziwa, ndipo ife a chigawo chino timadziwa kuti kukhala ndi damu la magetsi la Cahora Bassa pa Songo pompa sikutanthauza kuti babu la ku Domue liyaka. Mphenzi imodzi ya mu Januwale yatha ntchito. Komanso musalole pulogalamu yomwe imagwira pokhapokha pali redi. Mawu oti muwagwire ndi akuti offline, kutanthauza kuti wodzipereka alemba pafoni ali kumudzi kopanda redi, zisungika mufonimo, akafika poti Movitel kapena Vodacom ikugwira zipita zokha. KoboToolbox imachita zimenezi pa foni wamba ya Android, mabungwe osapanga phindu amaigwiritsa ulere mpaka mlingo wina wake, ndipo imatulutsa mu Excel. Koma dziwani malire ake, ndi yabwino potolera mafomu a maulendo a m'midzi, si yoyendetsera mbiri ya wodwala tsiku ndi tsiku. Pofuna kutsata munthu mmodzi ulendo ndi ulendo pali zina ngati CommCare yomwe upSCALE anatchula amayi anesi ija inamangidwapo, koma imeneyo imafuna ndalama ndi woidziwa. Kwa inu ndikanati chaka choyamba kaundula mmodzi woyera, fomu imodzi ya maulendo, sitolo pa Excel yokonzedwa bwino yotsata nambala ija, basi pronto. Zikayenda miyezi 12 osagwa nde muziganiza zokwera.

Za ndalama musazisakanize ndi za agogo. Ngati owerengera ndalama anu amagwiritsa pulogalamu ya Primavera ngati maofesi ambiri muno, kapena Excel, zisiyeni komweko, zingogwirizana pa manambala a mapulojekiti. Sisitema imodzi yochita zonse imamveka bwino pa msonkhano koma ikadwala zonse zimagona.

Starlink, intaneti ya pa setilaiti ija, inalowa m'dziko muno mu 2023 ndipo ndikudziwa adzaitchula. Imagwira, sindikana, koma funsani bilu ya pamwezi adzalipira ndani chaka chachitatu, ndipo imadya magetsi usana ndi usiku. Ngati pa ofesi panu pa Ulongwe redi ya foni ikukwana kutumiza mafomu ndi maimelo, ndalama imeneyo bola ipite ku sola, batire labwino ndi kachipangizo koteteza laputopu magetsi akabwera mwamphamvu. Mafoni a odzipereka akhale a bungwe, otsekedwa ndi PIN, ndipo mugwirizane kale zochita foni ikasowa.

Kusunga makope: atatu. Imodzi mu laputopu, ina pa intaneti pa akaunti ya bungwe, ina pa flash kapena disiki yosungidwa nyumba ina osati chipinda chomwecho, ndipo mwezi uliwonse sindikizani mndandanda wa agogo papepala. Konsultoriyo asananyamuke muchite mayeso, abise laputopu ngati yabedwa, inu ndi mnzanu mmodzi mubweze zonse pa kompyuta ina iye atapinda manja. Mukakanika asakwere ndege. Ndati ndi mnzanu mmodzi dala amayi, chifukwa mwanena nokha kuti laputopu mumaigwira nokha, nde pakali pano seva ya bungwelo ndi mutu wanu, mukadwala malungo sabata ziwiri lipoti silituluka. Pepani ndalankhula mosapsatira.

NaPhiri wa ku Ulongwe:

Aaa achimwene mwandilasa koma ndi zoona, chaka chatha nditapita ku maliro ku Macanga anthu anadikira ine kuti adziwe matumba atsala angati.

Zikomo nonse, ndakopera zonse m'kope. Dzulo madzulo tinakhala pansi ine, wa sitolo ndi odzipereka atatu, tinayala buku la mayina ndi la sitolo pa tebulo nkuyamba kuitana dzina limodzilimodzi ngati m'kalasi. Mwa 11 aja tapeza kale asanu ndi awiri. Atatu ndi olembedwa kawiri monga ananenera achimwene a ku Furancungo, mmodzi mpaka mayina atatu. Awiri anamwalira nthawi yokolola koma uthenga unathera pa WhatsApp osafika m'buku la sitolo, ndipo awiri ndi atsopano omwe mfumu inabweretsa kwa wa sitolo ine kulibe. Anayi otsalawo ali mbali ya wodzipereka wina yemwe foni yake sikulowa, Loweruka ndikwera njinga yamoto ndikamupeze.

Ndalemberanso othandiza athu kupempha kuti tione kontratu ya bamboyo asanabwere, ndi kuti masiku anayi akhale a kumudzi komanso lipoti lake likhale ndi chidule cha Chichewa choti komiti iwerenge. Sanayankhe. Wapampando akuti envulopu ya senya aisunga koma akufunsa ngati angaiike mu Baibulo kkkk.

Funso lina laling'ono kwa amayi anesi, fisha ya mankhwala ija mabokosi ake mumawapanga a mwezi wathunthu pa tsamba limodzi kapena sabata ndi sabata? Pulinta yathu inki yake imavuta kupeza kuno.

Nesi Wopuma wa ku Tsangano:

Ya mwezi wathunthu mwana wanga, tsamba limodzi gogo mmodzi, uligoneke chopingasa, masiku 31 pamwamba mankhwala kumanzere, mzere uliwonse nthawi yake, mmawa, masana, madzulo. Pansi usiye mizere itatu yopanda kanthu ya mankhwala omwe angaonjezedwe pakati pa mwezi. Akasintha mlingo kuchipatala osafufuta, dula mzere wonsewo ndi bolopeni yofiira uyambe wina pansi. Sindikiza imodzi yopanda mayina ukaifotokope pa msika, mayina uzilemba pamanja mpaka inki ipezeke.